BWALO LA NDEKE LOPANDA NDEKE SI MALO OTAYIKA



Lero ndifuna kuyankha funso limene limabuka kawirikawiri m'misonkhano ya kumidzi. Anthu amati: "Kodi Boma lilambuliranji malo aakulu ndi kuwacha bwalo la ndeke, pamene mwezi uoneka ndi kufa popanda ndeke yoterapo? Bwanji osatipatsa malowo tilimepo cimanga?" Funsoli ndi lanzeru, ndipo liyenera kuyankhidwa momveka.

Asilikali a m'mlengalenga amakhala ndi mabwalo a mitundu iwiri. Pali bwalo lalikulu, kumene kuli nyumba zosungiramo ndeke, malo ozikonzera, matanki a mafuta ndi nyumba za asilikali. Palinso mabwalo othandiza. Ambiri a amenewa ndi mseu wa ndeke cabe, waudzu, wadothi kapena watala, wokhala ndi alonda ocepa, mwinanso wopanda munthu konse.

Nonsenu mudziwa kukumba mbewa. Mbewa siidalira khomo limodzi la una wake, koma imakonzeratu lina lobisika lothawira pamene khasu layandikira. Bwalo lothandiza ndilo khomo laciwiri limenelo. Ndeke ya nkhondo ndi yoopsa ikakhala m'mwamba, koma ili pansi siingadziteteze, ndipo siingauluke popanda kuthamanga mtunda wautali pamalo osalala. Mdani akakumba maenje ndi mabomba pa mseu wake, ndeke zonse za pabwalopo zagwidwa ngati nkhuku m'khola.

Izi zinaoneka ku Egypt m'mawa wa pa 5 June 1967. Ndeke za Israel zinafika mwadzidzidzi, zinayamba zaphwanya miseu ya ndeke, kenaka zinatentha ndeke zimene zinandandalikidwa poyera. M'maola ocepa cabe Egypt anataya ndeke pafupifupi 300, zambiri zisananyamuke n'komwe. Asilikali ake apansi anatsala opanda cowaphimba kumwamba, ndipo nkhondoyo inatha m'masiku 6. Phunziro lake ndi lakuti ndeke ziyenera kumwazidwa m'malo ambiri, kuti mdani asazipeze pamodzi.

A ku Britain anacita zimenezi pa Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse. Mabwalo ao ambiri aakulu anali ndi mabwalo aang'ono pafupi. Bwalo la Tangmere, mwacitsanzo, linali ndi laudzu ku Westhampnett. Pamene ndeke za Germany zinaponya mabomba pa Tangmere pa 16 August 1940, ndeke zina za cigawo cimeneco zinali kale ku Westhampnett, ndipo nkhondo yoteteza dziko inapitirira.

Dziko la Sweden linapita patsogolo koposa. M'zaka za m'ma 1980 linakonza zigawo zoongoka za miseu ya galimoto, zotalika mamita 800, kuti ndeke za nkhondo ziziterapo, kuthira mafuta, kubisala m'mitengo ndi kunyamukanso. Munthu wodutsa pa mseu wotero sakanadziwa msanga kuti ali pa bwalo la ndeke.

Kumwaza ndeke ndiyo nchito yoyamba, koma ziliponso zina zitatu. Yaciwiri ndi kupulumutsa moyo. Injini ikazima, mafuta akacepa, kapena mvula yamkuntho ikaphimba bwalo lalikulu, woyendetsa ndeke sangaime pambali monga acitira wa basi. Afunika malo otera msanga. Yacitatu ndi maphunziro. Wophunzira kuyendetsa ndeke amanyamuka ndi kutera kambirimbiri pa tsiku limodzi, ndipo akacitira zimenezi pa bwalo lalikulu amatsekereza anzake. Yacinai ndi kufupikitsa mtunda. Zambia ndi dziko lalikulu la malire ndi maiko 8, ndipo kucokera ku Lusaka kufika ku Chipata kokha pali makilomita oposa 500. Ndeke yopeza mafuta pafupi ndi malire imakhala nthawi yaitali pamalo pamene ifunikira.

Anzanga, nkhani iyi si ya maiko akutali okha. Akuluakulu pakati panu akumbukira tsiku la 19 October 1978, pamene ndeke za boma la Ian Smith la ku Rhodesia zinaponya mabomba pa msasa wa anthu a Joshua Nkomo ku Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka, ndipo ena anaukira msasa wa ku Mkushi. Anthu ambiri anafa. Pa nthawi yomweyo mtsogoleri wa ndekezo, wodzicha Green Leader, analankhula pa wailesi ndi oyang'anira bwalo la ndeke la Lusaka. Anawauza kuti acenjeze mkulu wa bwalo la asilikali la ku Mumbwa kuti ndeke ya Zambia iliyonse yoyesa kunyamuka idzaomberedwa. Mdani anadziwa khomo, ndipo anaima pakhomopo. Nkhondo imeneyo inatha, Zimbabwe analandira ufulu mu 1980, ndipo lero ndi mnansi wathu wamtendere. Koma cimene tinaphunzira tsiku lija sitiyenera kucitaya: bwalo lodziwika ndi aliyense silivuta kulitsekera.

Tsono bwalo lothandiza lifanana ndi nkhokwe ya caka ca njala. Palibe munthu wanzeru amene amaphwasula nkhokwe cifukwa cakuti caka cino kwaca bwino. Ndiponso silimangidwa tsiku la tsoka. Kuzula zitsa, kugumula zulu ndi kusalaza dothi kumatenga miyezi, pamene ndeke ya mdani imadutsa makilomita 100 m'mphindi zosakwana 10.

Cifukwa cake ndikupemphani zinthu izi, inu okhala pafupi ndi mabwalo otere. Musalimepo, ngakhale m'mphepete. Musadyetserepo ng'ombe ndi mbuzi, pakuti ciweto cimodzi cingagwetse ndeke yotera. Ana asakumbepo mbewa, cifukwa dzenje laling'ono lithyola mwendo wa ndeke. Musadutsepo ndi ngolo nthawi ya dzinja. Musazule miyala yoyera ya m'malire kapena nsalu yosonyeza kumene mphepo ikulowera. Mukaona culu cikumera kapena madzi akukumba ngalande, dziwitsani anyakwawa kuti mau afike ku Boma.

Musaiwale kuti mseu womwewo umene ulandira ndeke ya asilikali ungalandirenso ya dokotala, yodzatenga mai amene wavutika pa ubereki pamene mitsinje yadzaza ndi milatho yakokoloka. Tsiku limenelo palibe adzafunse cifukwa cake pamalopo sipanalimidwe cimanga.

Makolo athu anati, konza kapansi kuti kam'mwamba katsike. Oyendetsa ndeke adzacita zao kumwambako. Zapansi pano zili m'manja mwathu.