Wotumikira Pagome Zaka 34

Mau amene tawerenga m'mawa uno, a pa Luka 12:35-38, anena za antchito odikira mbuye wao usiku, nyali zao zili chiyakire, kuti pakugogoda iye amtsegulire pomwepo. Ndifuna kukuuzani za munthu mmodzi amene ntchito yake inali yomweyi, kudikira ndi kutumikira, masiku onse a mphamvu yake.

Dzina lake ndiye Eugene Allen, munthu wakuda wa ku America, wobadwa m'chaka cha 1919 m'chigawo cha Virginia. Masiku amenewo malamulo a kumeneko analekanitsa anthu monga mwa khungu lao, kotero kuti m'nyumba zambiri zodyera wakuda analoledwa kunyamula mbale, koma osati kukhala pansi ndi kudya. Allen anayamba ndi ntchito yoperekera zakudya, ndipo m'chaka cha 1952 analembedwa ku White House, nyumba ya Pulezidenti mumzinda wa Washington. Sanayambe ndi ulemu ai. Anatsuka mbale, napukuta mipeni ndi masipuni. Anakwera pang'onopang'ono kufikira anakhala kapitao wa onse operekera pagome, napuma m'chaka cha 1986, atatumikira zaka 34, pansi pa mapulezidenti 8, kuyambira Harry Truman kufikira Ronald Reagan.

Tsono tifunse: chimene chisunga munthu pa ntchito yotere zaka zonsezi, osauma mtima, nchiyani?

Choyamba ndicho maso. Wotumikira wabwino sadikira kuti aitanidwe. Aona kuti kapu ili yopanda madzi mwini wake asananene. Aona mlendo wamanyazi amene wasowa pokhala, namlozera mpando mwakachetechete, kuti ena asazindikire. Inu amai muchidziwa ichi, pakuti mlendo akafika pakhomo simufunsa ngati ali ndi njala. Mumlandira katundu, muyala mphasa, ndipo madzi akhala ali pamoto kale. Luso limene makolo anatiphunzitsa pabwalo ndi lomwelo lifunika m'hotela yaikulu.

Chachiwiri ndicho kusasankha nkhope. Atsogoleri amene Allen anawatumikira anali a zipani zotsutsana ndi a mitima yosiyana, ndipo m'nyumba momwemo anakangana za ufulu wa anthu akuda, mtundu wake wa iye mwini. Iye anawaperekera onse ndi ulemu umodzi, ndipo zimene anamva pagome sanayende nazo kunja. Yesero la wogwira ntchito ya alendo lili pano: kumwetulira wovala bwino, amene akhoza kusiya kandalama pambale, ndi kuchedwetsa wosauka wofunsa tiyi yekha. Wochita chotero satumikira mlendo, atumikira thumba lake.

Chachitatu ndicho kukhala pamalo pako tsiku lovuta. M'mwezi wa November, 1963, Pulezidenti John Kennedy anaphedwa ndi mfuti, ndipo Allen anaitanidwa kumaliro. Ndani wa ife akadakana ulemu wotere? Koma iye anatsala m'nyumba, pakuti anadziwa kuti olira adzabwerera kumanda otopa, ndipo payenera kukhala wina wowakonzera chakudya. Taonani, abale, nayenso analira. Koma analira manja ali pantchito, monga achitira amai athu ophika kuseri kwa nyumba ya siwa pamene ena ali kuimba.

Ndipo mvetsani chimene chinachitika potsiriza. Asanapume ntchito, Nancy Reagan, mkazi wa Pulezidenti, anamuitana iye ndi mkazi wake Helene ku phwando la boma lolandira Helmut Kohl, mtsogoleri wa West Germany. Osati kudzaperekera, koma kudzakhala pansi monga alendo. Munthu amene anaima kumbuyo kwa mipando zaka zoposa 30 anakhala pampando, anzake namperekera. Anakhalanso ndi moyo kufikira anaona ndi maso ake, mu January 2009, Barack Obama alikulumbiritsidwa, munthu wakuda woyamba kulowa m'nyumbayo monga Pulezidenti. Allen anamwalira m'chaka cha 2010, wa zaka 90.

Sindikunamizani kuti yense wotumikira bwino adzaitanidwa kuphwando pansi pano. Ambiri akalamba atanyamula mbale, miyendo itatupa, popanda wowatchula dzina. Chifukwa chake ndili ndi mau kwa ife otumikiridwa. Alipo makolo ochita manyazi kunena kuti mwana wao aperekera zakudya kuhotela, kapena ayala mabedi kunyumba ya alendo, ngati kuti ndi ntchito ya wolephera. Lekani manyazi amenewo. Inu aphunzitsi, musaopseze mwana waulesi ponena kuti adzakhala wotsuka mbale. Wotsuka mbale wokhulupirika aposa kalaliki wakuba. Ndi inu olemba antchito, lipirani pa tsiku lake, ndipo mudziwe dzina la iye amene akuthirirani madzi m'manja. Chimwemwe cha wantchito sichifafaniza mangawa anu.

Kwa inu otumikira ndinena ichi. Akulu anati mlendo ndi mame. Lero alipo, mawa wapita, ndipo mwina simudzamuonanso. Inu mwalandira alendo zikwi, koma iye afika kwa inu kamodzi kokha. Musampatse nkhope yotopa chifukwa cha mwano wa mlendo wa dzulo. M'fanizo tawerengali mbuye, pakupeza antchito ake ali maso, adzimangira m'chuuno iye mwini, awakhazika pansi, nawatumikira. Gome limenelo silisankha khungu kapena udindo. Sungani nyali zanu ziyake, ndipo pakumveka kugogoda, tsegulani ndi nkhope yokondwa. Amen.