Madzi owonjezera mumphika

Amfumu ndi nduna zanu, a mphunzitsi wamkulu, aphunzitsi, makolo anzanga, ndi inu ana athu, ndikupatsani ulemu nonse.

Mwandikhazika pampando wa mlendo, koma mchombo wanga uli konkuno ku Lizulu. Ndinakulira kuseri kwa msikawu, m'nyumba yaudzu. Mwezi wa June, chisanu chikuluma, ine ndi mayi anga tinkalawira mbandakucha kusenza kachewere ndi kabichi kupita nazo kumsewu. Basi ya ku Blantyre ikangoima, ndinkathamanga ndi beseni pamutu, zala zitauma gwa, n'kulikweza pazenera. Fizi yanga inkachokera m'beseni limenelo, ndipo mayi ankaimanga pamfundo ya chitenje mpaka tsiku lotsegulira sukulu.

Ana inu mukudziwa kuti mukangooloka msewu wa M1 uwu mwaponda dziko la Mozambique. M'zaka za m'ma 1980 nkhondo itavuta kumeneko, anthu anaoloka, mitolo pamutu, ana kumsana. Dziko lathu linalandira othawa nkhondo opitirira 1 miliyoni. Awiri mwa iwo anafikira pakhomo pathu: mayi wa ku Angonia ndi kamtsikana kake, kamsinkhu wanga. Kwathu kunalibe chuma. Mayi anga sanafunse zambiri, anangothira madzi owonjezera mumphika, ufa n'kuutapa mosamala, nsima n'kutikwana tonse. Kamtsikanako kankagona pamphasa yanga, bulangete limodzi, tikulimbirana kumapazi. Pangano la mtendere litasainidwa mu 1992, anabwerera kwawo.

Ine ndinakwatiwa konkuno, n'kubereka ana atatu. Kenako inafika njala ya 2002. Nkhokwe yathu inali mbee, ana akudya phala la gaga kamodzi patsiku. Wamng'onoyo anasiya ngakhale kulira. Tsiku lina dzuwa likupendeka, ndinaona mzimayi akukankha njinga kuchokera kutsidya kwa msewu, thumba la chimanga pakaliyala. Anali mnzanga wapamphasa uja. Anatsitsa thumbalo pakhonde n'kunena kuti, "Achemwali, ndabwera kudzaona ana." Ana atatuwo ali moyo lero, ndipo mmodzi ndi mphunzitsi.

Akuluakulu amati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ine mwambi umenewu sindinaumve ndi makutu okha, ndinaudya.

Makolo anzanga, chiyambire 1994 kupulayimale kulibe fizi, komabe ana ena pano amasiyira panjira. Wina amabwera wosalawa kanthu, wina alibe kope, wina amachita manyazi ndi yunifolomu yong'ambika. Ana amenewa si a kutali. Mumawadziwa maina, amadutsa pakhomo panu m'mawa uliwonse. Sindikupemphani ndalama zambiri. Mukamaphikira anu phala, thiraniko madzi owonjezera, mumuitane wa pakhomo linalo.

Ndipo inu ana, amene mwakhala naye padesiki lero, musamalireni.