Mpikisano wa magalimoto m'chipululu ndi misewu yathu ya m'tiyi

Kwa inu amene simunabwere ku msonkhano wa Loweruka lapitali, nawa mawu omwe analankhula mlendo wathu, bambo amene agwira ntchito ya umakaniko kwa zaka zambiri m'magalaja a m'maesiteti kuno ku Thyolo. Werengani, mutumizirenso anzanu.

Zikomo a tcheyamani, zikomo a komiti, ndi inu nonse anyamata ndi atsikana. Makolo mwakhala kumbuyoko, ndakuonani, zikomo pobwera.

A tcheyamani andiuza kuti nkhani yomwe yavuta pa gulu lanu la WhatsApp ndi mavidiyo a magalimoto othamanga m'chipululu, aja amachita kuuluka pamilu ya mchenga aja. Akuti ena mwa inu mwafunsa kuti kodi ifenso sitingayambitse kalabu ya magalimoto oyenda m'tchire, tsiku lina tidzapite kukapikisana nawo kumeneko? Funsoli musaliseke ayi, ndi labwino, ndipo ndiliyankha mosabisa. Koma tiyambe taona kaye kuti mpikisanowo ndi wotani, chifukwa vidiyo ya mphindi imodzi imangokuonetsani fumbi basi.

Wotchuka kwambiri ndi wa Dakar. Anauyambitsa ndi munthu wa ku France dzina lake Thierry Sabine. Mu 1977 mkuluyu anasochera ndi njinga yake yamoto m'chipululu cha Sahara ali pa mpikisano wina, ndipo atapulumutsidwa anafuna kuti anthu ena akaoneko malo amenewo. Pa 26 Disembala 1978, magalimoto ndi njinga zamoto zokwana 182 zinanyamuka mumzinda wa Paris kulowera ku Dakar, likulu la dziko la Senegal, ulendo wa makilomita pafupifupi 10,000. Zomwe zinakafika ndi 74 zokha. Ndiye kuti pa khumi zilizonse, zinayi ndi zomwe zinaona mapeto a ulendo. Zinazo zinathera m'njira. Mu 1982, Mark Thatcher, mwana wa nduna yaikulu ya Britain ya nthawi imeneyo, anasowa masiku asanu ndi limodzi m'chipululu ku Algeria mpaka ndege inachita kukamufunafuna. Sabine mwiniwakeyo anafa mu Januwale 1986, helikopita yomwe anakwera itagwa ku Mali mpikisano uli mkati. Mu 2008 mpikisanowu unalephereka chifukwa cha kuopa zigawenga ku Mauritania, kenako unasamukira ku South America, ndipo kuyambira 2020 ukuchitikira ku Saudi Arabia. Dzina lokha ndi lomwe linatsala la Dakar.

Nambala ziwiri zija, 182 ndi 74, muzisunge. Makolo athu anati kuthamanga sikufika. M'chipululu, ntchito yoyamba ndi kukafika, ndipo amakafika ndi amene anakonzekera.

Pa vidiyo mumaona dalaivala, koma pampando wa pambali pake pamakhala munthu wina amene satchulidwa kawirikawiri. Ameneyo ndi wolozera njira. Kuchipululu kulibe zikwangwani, kulibe mayi wogulitsa nthochi woti mumufunse kuti njira ya kwakuti ndi iti. Wolozera njirayo amapatsidwa ndondomeko ya ulendo patangotsala nthawi yochepa kuti anyamuke: zithunzi zazing'ono, manambala a makilomita ndi madigiri a kampasi. Akuwerenga zimenezi galimoto ikudumpha, n'kumauza mnzakeyo kuti pakapita mamita akuti ukhote, kutsogoloko kuli dzenje. Pali malo ena obisika omwe ayenera kudutsapo ndithu, akaphonya amawonjezeredwa nthawi ngati chilango. Dalaivala waliwiro amene ali ndi wolozera njira wosokonezeka amangosochera mofulumira kuposa anzake.

Ndiye pali ife amakaniko. Galimoto ikafika pamsasa madzulo, dalaivala amakagona, amakaniko ndiye amayamba ntchito. Amaimasula, amaona mabuleki, amasintha mafuta, amachotsa mchenga mu fyuluta ya mpweya, amamanga bawuti iliyonse, mwina mpaka kucha. Masiku ena malamulo amaletsa amakaniko kuikhudza n'komwe, ndipo dalaivala ndi mnzake uja amagwira okha sipanala. Pa njinga zamoto palinso gulu la anthu oyenda opanda makaniko aliyense: munthu, njinga yake ndi bokosi la zipangizo, basi. Munthu amene sadziwa kumanga tayala alibe malo kumeneko.

Mwina mukuti zimenezo ndi za kutali, za azungu ndi Aluya. Tiyeni tibwere kufupi. Ku Botswana kunkachitika mpikisano wa m'chipululu cha Kalahari wotchedwa Toyota 1000 Desert Race, wa makilomita pafupifupi 1,000, womwe kwa zaka zingapo unkachitikira ku Jwaneng. Ku Jwaneng komweko ndi komwe anakulira Ross Branch, amene anakhala nambala 2 pa njinga zamoto ku Dakar mu 2024, ndipo chaka chomwecho anakhala katswiri wa dziko lonse pa mipikisano ya mtunduwu. Giniel de Villiers wa ku South Africa anapambana Dakar mu 2009. Hilux yomwe Nasser Al-Attiyah wa ku Qatar anapambanira mu 2019 inamangidwa ku South Africa, ku Joni komwe kuli achimwene athu ambiri. Ku Zambia kuli Satwant Singh, amene anatenga chikho cha Africa cha mipikisano ya magalimoto kasanu ndi katatu. Ndipo inu atsikana, amene anapambana Dakar mu 2001 ndi mayi wa ku Germany, Jutta Kleinschmidt, injiniya amene ankaidziwa galimoto mkati ndi kunja. Nkhaniyi ndi yanunso.

Koma ndinalonjeza kuti sindibisa. Masewerawa ndi odula zedi. Galimoto yake, matayala, mafuta, ndalama yolembetsera ndi ulendo wokafika kumeneko, zonsezi amalipira ndi makampani akuluakulu. Ndalama yomwe mumasonkha mukalabu muno singagule ngakhale matayala a tsiku limodzi. Amene angakuuzeni kuti chaka chamawa mudzakhala muli ku Saudi Arabia akukunamizani. Chomwe mungachipeze lero ndi luso, ndipo sukulu yake muli nayo pakhomo pomwe.

Kuno tilibe chipululu, tili ndi matope. Dothi lathu lofiirali likanyowa limaterera ngati sopo. Kuyambira Disembala mpaka Epulo, pomwe tiyi amachuluka, ndi nthawi yomwenso mvula imavuta. Walira mvula walira matope. Tsamba likathyoledwa liyenera kufika ku fakitale tsiku lomwelo lisanatenthe n'kuwonongeka, kaya msewu uli bwanji. Taonani madalaivala a mathirakitala ndi malole a ku Satemwa, ku Conforzi, ku Makandi, ku Naming'omba, mmene amatsikira zitunda ndi katundu wodzaza. Palibe amawajambula, koma zomwe amachita m'mawa uliwonse ndi maphunziro omwewo amene anthu a mipikisano amalipira ndalama kuti awaphunzire. Muziwafunsa. Safunsa anadya phula.

Ndikupatseniko pang'ono. Pamchenga, amaphwetsako mpweya m'matayala kuti tayala litambasuke, ligunde pansi malo aakulu, galimoto iyende pamwamba m'malo mozama. Akabwerera pamsewu wolimba amapopanso, apo ayi tayala limatentha n'kuphulika. Pamatope napo, mdani wanu wamkulu ndi phazi lolemera. Tayala likayamba kuzungulira pamalo amodzi, kuponda moto kwambiri kumangokumba dzenje, galimoto n'kukhala pamimba. Chotsani phazi, bwererani pang'ono m'mbuyo, ikani miyala kapena nthambi, yambaninso mofatsa. Potsika chitunda choterera, lowetsani giya yaing'ono musanayambe kutsika kuti injini izigwira galimoto, chifukwa mukaponda buleki mwamphamvu matayala amauma, galimoto n'kumapita komwe ikufuna yokha. Pokoka galimoto yomwe yatitimira, aliyense aime patali, pakuti chingwe chikaduka chimakwapula moti chitha kupha munthu. Ndipo madzi othamanga musawayese. Ngati simungawoloke ndi miyendo, galimoto kapena njinga singawolokenso. Tonse tikukumbuka zomwe namondwe wa Freddy anachita ku milatho ndi misewu ya chigawo chino mu Marichi 2023.

Tsopano ndifike pa chomwe chinandichititsa kuvomera kubwera lero. Ena mwa inu mukuyendetsa kale njinga zamoto za kabaza, ena mumabwereka za achimwene anu. Ndimakuonani m'misewu ya m'tiyimu madzulo, awiri atatu mukupikisana, wina akujambula ndi foni. Ana anga, tamverani. Mu Januwale 2006, mpikisano wa Dakar ukadali mu Africa, ana awiri anafa atagundidwa ndi magalimoto a mpikisanowo, wina ku Guinea, wina ku Senegal, masiku awiri otsatizana. Sanali pa mpikisano, anali kwawo. Zaka zinanso m'mbuyomo anthu a m'midzi anafapo chimodzimodzi, ndipo anthu ambiri ankadzudzula kuti olemera akusewera pakhomo pa osauka. N'chifukwa chake m'malo okhala anthu opikisanawo amalamulidwa kuchepetsa liwiro, makina a m'galimoto amalemba liwiro lawo, ndipo wophwanya lamulo amalangidwa. Iwowo amavala zisoti, galimoto ili ndi zitsulo zowateteza ikagubuduka, helikopita ya madokotala ikuzungulira m'mwamba. Nanga inu muli ndi chiyani? Patapata kuphazi, kapu kumutu.

Msewu wa m'tiyi suli wopanda anthu. M'bandakucha mumadutsa amayi othyola tiyi, madengu kumsana. Mumadutsa ana a sukulu, agogo opita kuchipatala, thirakitala yomwe yangoima pakona kukweza tsamba. Mitengo ya tiyi ndi makona zimabisa mwana wamng'ono mpaka mutamufika. Kukachita chiperoni simuona ngakhale mamita makumi awiri kutsogolo. Mayi amene mungamugunde pakonapo mwina ndi amene amadyetsa banja lonse ndi makilogalamu omwe amayezetsa pasikelo. Mwinanso ndi azakhali anu enieni. Vidiyo ija idzatha, inu muli kupolisi, mudzi uli pamaliro. Komanso misewu imeneyi ili ndi eni ake. Tsiku lomwe pachitike ngozi ya chibwana, adzatseka mageti kwa njinga zonse, ndipo anzanu omwe amadyera kabaza moona mtima adzataya makasitomala chifukwa cha inu.

Ndiye tichite chiyani ndi chilakolako chimenechi? Sindikuti muchitaye. Ku Zambia kuli mpikisano wa magalimoto a 4x4 wotchedwa Elephant Charge, womwe unayamba mu 2008 potengera Rhino Charge ya ku Kenya. Matimu amapatsidwa mapu ndi malo khumi oti afikepo m'tchire, ndipo amapambana ndi amene wafika malo onsewo atayenda mtunda waufupi kuposa anzake. Liwiro silikupatsa chikho. Timu iyenera kukhala pansi n'kuganiza: tidutse pachigwa apa kapena tizungulire? Ena amatsika n'kumathamanga kutsogolo kukaona njira. Ndalama zomwe amasonkhanitsa zimapita ku ntchito zoteteza zachilengedwe.

Zimenezi mutha kuzichita kuno popanda galimoto. Pemphani chilolezo kwa akuluakulu a esiteti ndi kwa mafumu, musankhe tsiku la m'chilimwe lomwe anthu sakugwira ntchito. Jambulani mapu a dera lathu, muikepo malo khumi. Timu iliyonse ikhale ya anthu anayi, ndipo musasowe mtsikana, iyende pa njinga zakapalasa kapena wapansi. Wina awerenge mapu, wina asunge nthawi, wina anyamule zomatira chubu ndi pampu. Pamalo ena muikepo mayeso: kumata chubu, kulumikiza tcheni, kumanga bala la munthu wovulala. Timu yomwe yasiya mnzake m'mbuyo yagonja, ngakhale ifike yoyamba. Mutu umodzi susenza denga. Ndalama yolembetsera mugulire mbande za mitengo, mukabzale m'mbali mwa mitsinje ndi m'phiri la Thyolo lomwe latsala lambee. Ine ndi anzanga a kugalaja tidzabwera ndi tayala ndi jeke, tidzaone amene angasinthe tayala mwachangu popanda kuiwala nati.

Amene muone kuti manja anu akukonda sipanala, musathere pamasewera. Umakaniko umaphunzitsidwa m'makoleji a ntchito zamanja kudzera ku TEVETA, ndipo Soche Technical College ili ku Limbe konkuno. Amene masamu ndi sayansi zikukuyenderani, yunivesite ya MUST ili ku Ndata m'boma lathu lomwe lino, ndipo kumeneko kuli maphunziro a uinjiniya. Amene mukufuna chiwongolero, pitani kusukulu yoyendetsa, mutenge laisensi yeniyeni, mugule chisoti chanu ndi cha kasitomala. Matimu a mipikisano ija amalemba anthu odziwa ntchito amene ali ndi mapepala, ndipo pa dalaivala mmodzi pamafunika amakaniko angapo. Ngati mwana wa ku Thyolo adzaponde mchenga wa ku Kalahari ndi timu ya mpikisano, ndikuona kuti khomo lake ndi limeneli. Ndipo akapanda kukafika, luso lomwelo lidzamudyetsa pa Luchenza, pa Bvumbwe kapena ku Limbe.

A tcheyamani, pempho langa ndi ili. Tisanabalalike, pepala lizungulire. Ndikufuna mayina a anthu anayi ojambula mapu, awiri okapempha chilolezo pamodzi ndi kholo limodzi, ndi onse amene akufuna kuphunzira kumanga tayala Loweruka likubwerali. Amene muli ndi mavidiyo a mijaho ya m'tiyi m'mafoni mwanu, musawatumizenso pagulu, ndipo mnzanu akatumiza musamuwombere m'manja.

Ngati pali mafunso, ndilipo.