Buku la Cigwirizano Litsate Nchito ya Caka

Nkhani ya lero ikhudza apampando ndi makalaliki a zigwirizano za alimi.

M'zigwirizano zambiri nzeru zonse zikhala m'mutu mwa munthu mmodzi, ndiye kalaliki. Iye yekha adziwa amene analipira ya umembala, amene ali ndi ngongole, ndi mwini lole amene sacedwa kudzatenga matumba. Tsiku limene munthu ameneyu asamukira ku Lusaka kapena ku Migodi, cigwirizano citsala m'mdima, ndipo anthu a mudzi umodzi ayamba kuchulana akuba cifukwa ca matumba awiri a fataleza.

Mankhwala ace ndi buku, koma si buku lolembamo ciri conse cimene cabwera m'mutu ai. Buku labwino litsata nchito monga momwe caka ciyendera: kulembetsa mamembala, kulandira mbeu ndi fataleza, kupima zokolola, kulipira. Nchito iri yonse ikhale ndi tsamba lace ndi munthu wace wolemba, ndipo alembe pomwepo nchitoyo iri kucitika.

Pa sikelo ndipo pabuka milandu yambiri. Bungwe la Food Reserve Agency, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1995, ligula cimanga m'matumba a makilogalamu 50, ndipo lifuna couma bwino, ca cinyezi cosapitirira 12.5 pa 100. Cotero polemba thumba, kalaliki alembe dzina la mwini, tsiku ndi kulemera kwace, mwiniyo ali ciriri kupenya. Thumba likakanidwa alembenso cifukwa cace, kaya ndi cinyezi kaya ndi anankafumbwe. Mau owerengeka otere apambana manambala, pakuti ndiwo adzaphunzitsa komiti ya caka camawa kusafulumira kutonola cimanga cisanaume. Za nshawa za Chalimbana zilembedwe momwemonso.

Ena ati buku latha nchito popeza Boma linayamba kuyesa makadi a e-voucher m'caka ca 2015, ndipo maina a alimi analowa m'kompyuta. Koma kompyuta isunga cimene yapatsidwa. Nambala ya citupa ikalakwika kumudzi, idzakhala yolakwika kufikira ku Lusaka, ndipo mlimi adzabwerera ku depoti cimanjamanja mvula itagwa kale.

Bukulo lisagone kunyumba kwa kalaliki. Likhale m'bokosi la cigwirizano, wina wacinyamata aphunzire kulembamo, ndipo pa msonkhano uli wonse liwerengedwe mokweza, kuti amai ndi madoda osadziwa kuwerenga amve maina ao ndi matumba ao.