THUMBA LA CIMANGA NDI VOTI

Madzulo ano tikambirane za cimanga, ndi momwe cimagwedezera masankho m'dziko lathu la Zambia, makamaka ku cigawo ca Kum'mawa.

Ambiri a ife okhala ku Kanyama, Matero, Chawama ndi Mtendere tiri ndi abale ku Chipata, Petauke, Katete ndi Lundazi. Iwo alima, ife tigula. Mlimi afuna kuti thumba lace ligulidwe pa mtengo wokwera. Koma mai wa ku Kalingalinga, amene agula kapamela ka ufa wa tsiku limodzi, afuna kuti mtengo utsike. Boma liri lonse limaima pakati pa anthu awiriwa, ndipo onse awiri ali ndi voti.

Akuluakulu akumbukira kuti mu December 1986 ufa unakwera mtengo, ndipo ku migodi kunabuka cipolowe. Mu June 1990 cipolowe cina cinabuka muno m'Lusaka pa cifukwa comweco. Caka ca 1991 cipani ca UNIP ca a Kenneth Kaunda cinagonja kwa MMD ya a Frederick Chiluba. Koma Kum'mawa kunali kwina: mipando yonse 19 ya cigawoco inapita kwa UNIP. Zifukwa zinali zambiri, koma cimodzi ndi ici: mlimi wa kumeneko anazolowera kuti Boma ndi makoparetivu amabweretsa feteleza wa ngongole ndi kugula cimanga cace, ngakhale mudzi wace uli kutali ndi njanji.

Kuyambira pamenepo cigawo ca Kum'mawa casintha mtima kangapo. Cinacoka ku UNIP, ndipo mu 2008 cinathandiza a Rupiah Banda a MMD, amene anapambana ndi mavoti monga 35,000 okha m'dziko lonse. Mu 2015 cinatsata a Edgar Lungu a PF, amene anapambana ndi mavoti osafika 28,000. Mu 2021 mavoti ace anagawikana, ndipo a Hakainde Hichilema a UPND anapezako ambiri koposa mu 2016. Pamene mpikisano uli wothina cotere, midzi yowerengeka ingathe kusankhira dziko lonse mtsogoleri.

Ena adzanena kuti zonsezi ndi za mtundu, "wako ni wako". Inde cibale ciri ndi mphamvu yace, koma mlimi akakhala pakhonde amayesanso zinthu zitatu.

Coyamba ndi feteleza. Thandizo la feteleza wochipa linayamba mu 2002 pa nthawi ya a Levy Mwanawasa, ndipo mu 2009 linachedwa FISP. Mlimi samafunsa kokha kuti matumba ndi angati, afunsanso kuti afika liti. Feteleza wofika mu January, cimanga citayamba kale kufiira masamba, asanduka ngati mankhwala ofika pa maliro. Pamene makadi ogulira feteleza anafalitsidwa m'dziko lonse mu 2017, alimi ambiri anadikira nthawi yaitali makadiwo asanatsegulidwe, mvula iri kugwa.

Caciwiri ndi mtengo. Bungwe la Food Reserve Agency, limene tidziwa ndi dzina lakuti FRA, linagula thumba la makilogalamu 50 pa K85 mu 2016, koma mu 2017 linatsitsa mtengo kufika pa K60. Mu 2021 unali K150, ndipo mu 2023 unafika pa K280. Mlimi ziwerengero izi amazisunga pamtima ngati masiku obadwa a ana ace.

Cacitatu ndi malipiro. Kuyambira 2016 lamulo linena kuti masankho akulu azicitika Lacinai laciwiri la mwezi wa August, ndipo imeneyo ndi nyengo yogulitsa cimanga. Munthu amene anasiya matumba ace ku depoti, nabwerera kwao ndi kapepala m'malo mwa ndarama, amapita kukaponya voti kapepalako kali m'thumba. Mnzace amene sanathe kudikira anagulitsa kale kwa amalonda oyenda ndi sikelo m'midzi, pa mtengo wozunza.

Tsono mlimi akakondwa, kodi ife a m'tauni tilire? Mu 2023, mtengo wa cimanga utakwera, ufa nawo unakwera, kotero kuti Zambia National Service inayamba kugulitsa ufa wace wochipako wochedwa Eagle. Koma caka cotsatira cinatiphunzitsa cina. Pa 29 February 2024 Boma linalengeza kuti cirala ndi tsoka la dziko lonse, pakuti mahekitala monga miliyoni imodzi a cimanga anapserera. Mabasi a pa mseu wa Great East, amene amatibweretsera matumba ocokera kumudzi, anabwera opanda kanthu, ndipo ndife tinatumiza ndarama pa foni kuti amai kumudzi agule ufa. Ngakhale m'zaka zabwino, alimi ang'ono ambiri cimanga cimawathera asanakolole cina, ndipo mu January amagula pa mtengo wokwera cimene anagulitsa mochipa mu June.

Cotero mlimi ndi wogula si adani ai. Cimene cipweteka onse awiri ndi mpata wa pakati pa mtengo wa kumunda ndi mtengo wa m'sitolo: miseu yoipa, nkhokwe zosakwanira, malipiro ocedwa, ndi munda umene ubala pang'ono.

Ofuna voti akafika m'komboni mwanu ndi kulonjeza ufa wochipa, afunseni kuti mlimi adzamlipira bwanji. Mukalankhula ndi abale kumudzi, auzeni kuti wolonjeza mtengo wokwera amfunse kuti ndaramazo adzazipereka mwezi uti. Makolo anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo.

Gonani bwino nonse.