Mmene Amayeretsera Gasi wa Pansi pa Nthaka

Nkhani ya lero ndi ya gasi, mpweya woyaka wochokera m'zitsime zakuya. Gasiyu amatuluka atasakanizika ndi madzi, mchenga, mafuta ndiponso mipweya ina, motero sangagwiritsidwe ntchito asanayeretsedwe. Nchifukwa chake pafupi ndi zitsime pamamangidwa fakitale, monga ya ku Temane m'dziko la Mozambique, imene inayamba kutumiza gasi ku South Africa mu 2004 kudzera m'paipi ya makilomita 865.

Poyamba amalekanitsa zamadzimadzi. Gasi akakhala ndi hydrogen sulphide, mpweya wakupha wonunkha ngati mazira oola, amamdutsitsa m'mankhwala otchedwa amine. Chinyontho amachichotsa ndi glycol, pakuti chikatsalira chimaundana ngati matalala nkutseka paipi. Propane ndi butane, zija za m'masilinda ophikira, amazipatula, ndipo chotsala kwenikweni ndi methane.

Koma methane alibe fungo, ndipo ngozi yagona pamenepo. Mu 1937 gasi anadzaza pansi pa sukulu ya ku New London, ku Texas, popanda wodziŵa, ndipo ataphulika anapha anthu pafupifupi 300, ambiri mwa iwo ana. Chaka chomwecho boma la Texas linalamula kuti gasi azithiridwa dala fungo loipa, kuti mphuno izichenjeza munthu moto usanabuke.