NDALAMA ZA ANTHU AULUMALI ZIFIKE KWA ENI AKE

  Nkhani yanga ndi imodzi yokha: ndalama zimene Boma limapatula kuti zithandize abale athu aulumali, ndi m'mene ife, amene ndalamazo zimadutsa m'manja mwathu, timazigwiritsira ntchito.

Ndiyambe ndi chimene ndinachiona ndi maso angawa. Chaka china ndinaitanidwa kumsonkhano wophunzitsa anthu za ufulu wa anthu aulumali. Ndalama zake zinachokera ku Boma, ndipo okonza msonkhanowo anasankha chipinda chabwino cham'mwamba panyumba ina yogona alendo. Tonse tinakwera masitepe, tinalemba maina, tinalandira malaya olembedwa mawu okoma pamsana. Tili mkati mwa pemphero tinamva phokoso kunja. Anali bambo wina amene anabwera panjinga yake ya olumala kuchokera kutali, ndipo anyamata anayi anali atamunyamula ngati thumba la chimanga kuti amufikitse m'mwambamo. Atakhazikika, bamboyo sanadandaule. Anangopempha kuti asamupatse tiyi, popeza anali ataona kale kuti chimbudzi chili pansi ndipo khomo lake ndi lopapatiza. Anakhala tsiku lonse osamwa kanthu, akutimvera ife tikuphunzitsana za ufulu wake. Ine ndinali mmodzi mwa oyankhula tsiku limenelo, ndipo manyazi ake sanandichoke kufikira lero.

Anzanga, tisanamize dziko lathu kuti lilibe malamulo pankhani imeneyi. M'chaka cha 1971 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loyang'anira anthu olumala, ndipo mwa lamulo limenelo munabadwa bungwe la MACOHA, limene ambiri timalidziwa chifukwa cha fakitale yoluka ya ku Bangwe ndi sukulu ya ntchito zamanja ya ku Magomero m'boma la Chiradzulu. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, m'gawo 20, amaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali. M'chaka cha 2009 Malawi anavomereza pangano la bungwe la United Nations la ufulu wa anthu aulumali. M'chaka cha 2012 kunabwera lamulo lina limene linatchula za thumba lapadera la ndalama zothandizira ntchito zaulumali, ndipo lamulo latsopano la 2024 linalowa m'malo mwa malamulo akale aja, nilisandutsa MACOHA kukhala MACODA. Papepala ntchito yagwirika. Chatsala ndicho kuti zolembedwazo zituluke m'mabuku, zikafike pakhomo pa sukulu, pachipatala ndi pamjigo, ndipo mtunda umenewo oyenda ake ndife tili m'chipinda muno.

Tidziwenso kuti tikunena za anthu angati. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu a zaka 5 kupita m'tsogolo, anthu 10.4 pa 100 aliwonse anali ndi ulumali wamtundu wina, ndiye kuti anthu oposa 1.5 miliyoni. Kalembera yemweyo anawerenga anthu achialubino 134,636. Tikati munthu mmodzi mwa anthu khumi, ndiye kuti palibe nthambi ya chipani, palibe mpingo, palibe mudzi wa mfumu iliyonse umene ulibe anthu ameneŵa. Ndi alimi, ndi makolo, ndi ovota, ndipo pogula katundu amakhoma msonkho ngati ife tomwe. Choncho ndalama zimene Boma limawapatulira tisazione ngati mphatso yachifundo imene tingathe kuichepetsa tikafuna. Ndi gawo lawo pa chuma cha dziko lawo.

Tsono wina asamve ngati ndikunyoza ntchito yodziwitsa anthu. Ntchito imeneyo ndi yofunika kwambiri. Kudakali makolo amene amatsekera mwana wolumala m'nyumba kukabwera alendo. Kudakali anthu amene amathawa munthu wakhunyu akagwa, poganiza kuti matendawo ndi opatsirana kapena ndi amatsenga, pamene kuchipatala kuli mankhwala ake. Tonse tikukumbukira nkhanza zimene zinakula kuyambira m'chaka cha 2014, pamene abale athu achialubino ankabedwa ndi kuphedwa chifukwa cha bodza lamkunkhuniza lakuti mafupa awo amalemeretsa, kufikira Nyumba ya Malamulo inakhwimitsa zilango m'chaka cha 2016. Umbuli wotere sutha ndi simenti. Umatha ndi mawu, ndipo mawuwo amafuna ndalama kuti ayende. Chimene ndikutsutsa ndicho kuphunzitsa anthu omweomwewo chaka ndi chaka m'nyumba zogona alendo, ndalama nkuthera m'maalawansi, mafuta agalimoto ndi chakudya chamasana, pamene mudzi umene muli mwana wotsekeredwa uja sunamve kanthu.

Chifukwa cha ichi ndikupempha zinthu zinayi kwa aliyense amene amalemba, kuvomereza kapena kusaina mapepala a ndalama zimenezi.

Choyamba, eni ake akhalepo pogawa. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anthu aulumali ali ndi mabungwe awoawo: FEDOMA imene imawasonkhanitsa onse, bungwe la osaona la Malawi Union of the Blind, la osamva la MANAD, ndi la achialubino la APAM. Aitanidwe pamene ndondomeko ikulembedwa, asanagawe ndalama, osati tsiku lojambulitsa zithunzi lokha. Makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera akhalenso ndi munthu waulumali amene ali ndi mawu pochita chisankho. Munthu woyenda panjinga akadakhala m'komiti yokonza msonkhano uja, chipinda cham'mwamba sichikadasankhidwa.

Chachiwiri, uthenga ufike m'njira imene eni ake angaumve. Chikalata chopachikidwa pamtengo sichiuza kanthu munthu wosaona, ndipo chimkuzamawu cha pagalimoto chimangomudutsa munthu wosamva. Ndondomeko iliyonse yopempha ndalama ionetse malipiro a womasulira chiyankhulo chamanja, mtengo wa mapepala a zilembo za Braille ndi a zilembo zikuluzikulu, ndiponso ndalama yoyendera ya munthu woperekeza. Ndondomeko imene ilibe zimenezi ibwezedwe kuti akaikonze. Aluso tili nawo: koleji ya Montfort ku Nguludi yakhala ikusula aphunzitsi a ana ofuna maphunziro apadera kwa zaka zambiri, ndipo sukulu monga Chilanga ku Kasungu, Lulwe ku Nsanje, Mua ku Dedza ndi Embangweni ku Mzimba zatulutsa anthu odziwa ntchito imeneyi. Tiwalembe ntchito ndi kuwalipira moyenera.

Chachitatu, ntchito iliyonse isiye chinthu chooneka. Lipoti lonena kuti tinaphunzitsa anthu ochuluka chakuti silikwanira. Lipoti linene kuti ndi ana angati amene anali kunyumba amene tsopano alembedwa kusukulu, ndi zimbudzi zingati zimene makomo ake akuzidwa, ndi zipatala zingati zimene muli mafuta oteteza khungu la achialubino kudzuwa, ndi mabanja angati aulumali oyenera Mtukula Pakhomo amene alowa m'kaundula. Ndipo inu a kumakhonsolo, musalandire chipinda chophunziriramo kapena chipatala chatsopano kwa womanga ngati palibe njira yotsetsereka yolowera njinga. Kuika njira imeneyo pomanga sikudya matumba ambiri a simenti, koma kudzagumula nyumba yothaitha kumadya ndalama kawiri. Muiyesenso njirayo musanasaine, chifukwa ina imamangidwa mongokwaniritsa lamulo, yotsetsereka ngati phiri, mwakuti munthu sangakwere yekha.

Chachinayi, ndalama ziwerengedwe poyera. Kuchuluka kwa ndalama zimene zabwera, ntchito yake ndi dzina la woyang'anira zilengezedwe pamsonkhano wa mfumu ndi pawailesi ya m'deralo, kuti amene sangathe kuwerenga amve ndi makutu. Munthu amene amadya ndalama ya ndodo yoyera ya wosaona amadziwa bwino lomwe kuti mwini wake sangamuthamangitse, ndipo nchifukwa chake kuba kotere kuli konyansa kuposa kuba kwina konse. Woteroyo asabisale kumbuyo kwa nsalu ya chipani. Aperekedwe kwa apolisi monga wakuba wina aliyense.

Kwa inu atsogoleri a m'nthambi ndili ndi mawu apadera. Inu ndinu amene mumadziwa khomo lililonse m'mudzi. Mumadziwa kumene kuli gogo amene anasiya kuona, ndi mtsikana wosamva amene sanapondepo m'kalasi. Ntchito yanu ndi kuwafikitsa kwa alangizi a zachisamaliro cha anthu ndi kwa mphunzitsi wamkulu. Polemba maina musafunse kuti banjalo linavotera yani. Ulumali sufunsa khadi, ndipo chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: ngozi yapamsewu, matenda a shuga, kufa kwa ziwalo ndi ukalamba zikhoza kuika aliyense wa ife panjinga imene lero tikuiyang'ana patali.

Pa 3 December chaka chilichonse dziko lonse lapansi limakumbukira anthu aulumali. Tsiku limenelo likamadzafika, aliyense wa ife adzakhale ndi yankho pafunso ili: kuofesi kwanga, kusukulu kwathu, kuchipatala chathu, ndi khomo liti limene chaka chatha linali lotseka kwa mbale wanga waulumali limene tsopano akulowa yekha? Amene adzasowe yankho asadzavale malaya a tsikulo.

Apampando, ine ndikaimire pomwepa. Pobwerera kwathu, aliyense akayambe ndi khomo la ofesi yake mawa m'mawa.